Mwalawa, Anesi?

Lolemba, 5 Juni 1995

Ndafika. Kachipatala ka m'phiri, kumtunda kwa Kasakula. Zipinda ziwiri, khonde, mjigo wakufa. Nyumba yanga kuseri: chipinda chimodzi, zenera lopanda galasi, anatsekapo ndi katoni. Kuzizira kolowa m'mafupa. Ku Madisi tinkati kumazizira, tinkanama.

Adokotala anditula ndi makatoni awiri a mabotolo n'kubwerera kutauni injini isanazizire. Ntchito yanga miyezi itatu: kuyesa muzu wa kamtengo kena ka m'phiri muno, eni ake akuti mtonthola, ngati ungathandize odwala maganizo. Aja osagona, osadya, olira popanda wowamenya. Mapiritsi achizungu a matenda amenewa kuno kulibe, ndipo ndi mmene kwacha yagweramu, tisawayembekezere.

Kukoleji anayamba kuyesa pa mbewa. Anandionetsa mwezi watha. Mbewa yoyera, aiponya mu ndowa ya madzi, wina waima pambali ndi wotchi. Imasambira, imasambira, kenako imangoleka n'kuyandama. Yomwetsedwa mtonthola akuti imachedwa kuleka. Kwathu mbewa timakumba n'kuwamba, kumeneko amazisambitsa. Ndinaseka. Koma yoleka ija sindinaiiwale, maso ali otsegula.

Tsopano pa anthu. Mabotolo amitundu iwiri, ena zotsekera zachikasu, ena zobiriwira. Mtundu umodzi mtonthola weniweni, winawo madzi owawitsidwa chabe. Uti ndi uti sindikudziwa, akudziwa adokotala okha. Akuti ndikadziwa, nkhope yanga iulula. Malamulo awiri. Aliyense amwe botolo lake lokha, kachikho kamodzi m'mawa. Ine ndisalawe ngakhale dontho.

Ndinapempha ndekha kubwera kuno. Amayi akuti ndathawa. Mwina.

Lachinayi, 8 Juni

Abwera odzayesedwa, azimayi okhaokha. Ambiri amasiye, ena amuna awo anapita kumaesiteti osabwerako. Akhala pakhonde atafunda zitenje mpaka kumutu. Chowakoka ndikuchidziwa: sopo ndi ufa wa likuni umene tizigawa Lachinayi lililonse. Ndawafotokozera zonse mosabisa, kuti botolo lina ndi mankhwala, lina ndi madzi, ndipo palibe wosankha.

Pakati pawo a Susana. Mayi wachikulire, mano awiri akutsogolo anachoka, pakamwa sipatsekeka. Ataona chotsekera chachikasu anabweza botolo. "Ine ndinavotera tambala, anesi, za chipani chatsopano mupatse ena." Khonde lonse kuseka. Ndafotokoza mpaka kummero kuuma kuti mtunduwo si wa chipani. Analandira, koma analikulunga m'chitenje kuti lisaoneke panjira.

Mafunso a adokotala, mmodzimmodzi, m'chipinda. Mumagona? Chakudya chimakoma? Mumalira? Mumaganizapo zoti bola kufa? Pakamwa ndikufunsa, mumtima ndikuyankhanso ndekha. Ndaleka msanga, sindinabwerere zimenezo.

Womaliza Rebeka. Wamng'ono kwa ine. Kwawo ku Chezi, anabwera kuno pa chitengwa, mwamuna wamwalira m'Malichi fodya akadali m'chigafa. Abale ake onse ali ku Dowa, kuno ndi mlendo ngati ine. Khanda kumsana, Mwayi, losayamba kukwawa. Mikono yake ngati mapesi. Mafunso onse wayankha ndi mutu, maso pansi. La kufa lija sanayankhe konse.

Wagwera chobiriwira. Ndikumupatsa, anandiyang'ana koyamba. "Mwalawa, anesi?" Ndati lamulo silindilola. Sanatsutse. Waliika m'kansalu ngati mwala wotola panjira.

Ndikumuopera mtsikana ameneyu, ndi mwana wake yemwe.

Lamulungu, 11 Juni

Tchalitchi chathu cha Katolika chili kutali, kutsika n'kukweranso. Sindinapite. Kumunsi a Chipresibiteriyani akuimba, mphepo ikubweretsa nyimbo theka theka. Ndayamba korona pabedi, pakati ndasokoneza, ndasiya.

Ndachapa. Ndasesa posesa kale. Mafuta a nyale akwera, mchere wakwera, chosakwera ndi malipiro okha. Wa pagolosale akuti ndiyo demokalase imeneyo, aliyense aike mtengo wake.

A Vinsenti, amuna anga, zii. Chipitireni ku Joni m'Novembala, kalata imodzi. Sindiwaimba mlandu. Titaika mwana, m'nyumba muja tinkangodutsana ngati alendo padepoti, aliyense kuopa kutchula dzina lija. Mmodzi anayenera kuchoka. Tachoka tonse.

Pophika ndatulutsa mbale ziwiri, yanga ndi kaja kapulasitiki. Sindikudziwa kanalowa bwanji m'katundu. Ndakabisa pansi pa sutikesi.

Lachinayi, 15 Juni

Botolo la Rebeka labwera lodzaza. Chotsekera sichinapotokolepo n'komwe. Pasikelo watsika. Ndamufunsa chifukwa, wangokonza khanda kumsana.

Kuti akwere sikelo yekha, a Susana anamumasula Mwayi n'kunditambasulira. Ndinabweza manja kumbuyo. Ndati ndagwira mankhwala, m'manja mwada. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwana ali m'malere akupalasa timiyendo, kenako anamubereka okha.

Enawo akumwa. Akuti kuwawa kwake kumafika kumchombo. Achikasu akuti lawo ndilo lowawa zedi, obiriwira akuti musanamepo. Mkangano wa khonde lonse. Bola akulankhula.

Atachoka, bata. Khwangwala padenga. Tiyi wopanda shuga.

Lachiwiri, 20 Juni

Kuphiri ndi a Agustino, sing'anga amene anaonetsa adokotala muzuwu. Kutauni akufuna mizu ina. Nkhungu mpaka masana, udzu wonyowa, nsapato zanga zatha ntchito. Mkuluyu njira yonse nkhani imodzi: majombo amene adokotala anamulonjeza kuyesa kukatha. Akuti mbewa za kukoleji zikudya bwino kuposa iye amene anazipezera mankhwala.

Kamtengo kosaoneka bwino, timasamba ting'onoting'ono, kamamera m'miyala. Muzu wofiirira, fungo la dothi ndi utsi. Asanaponye m'thumba langa, muzu uliwonse amaluma kansonga. Ndafunsa ngati akuyesa mphamvu. Aseka. "Ayi mayi, n'kuti mudziwe kuti sindikukupherani. Wopereka amayamba walawa, ngakhale thobwa." Zimenezo ndikuzidziwa, ndinakulira momwemo, kwathunso chikho amayamba ndi mwini mowa. Koma botolo la chipatala si thobwa.

Pamwamba nkhungu inang'ambika pang'ono. Kumadzulo mapiri a Dowa, kuseri kwake Madisi, ndi kamanda kaja. Ndinayang'ana kumapazi mpaka tinatsika.

Lachinayi, 29 Juni

Chodabwitsa. Botolo la Rebeka lopanda kanthu. Sabata yathayo linali theka, ndinayesa wataya. Wapesa tsitsi. Pasikelo wakwera pang'ono, Mwayi masaya ayamba kubwerera. A Susana akutsanzira mayendedwe a adokotala, manja kumbuyo, mimba patsogolo, Rebeka anaseka n'kubisa pakamwa ndi chitenje. Ndinamva ndi makutu angawa.

Si iye yekha. Pafupifupi onse akuti akugona, akudya, achikasu ndi obiriwira omwe. Zandizunguza pang'ono. Madzi chabe angachiritse? Komabe ndasangalala, ndalembera adokotala. Mwina muzuwu ndi woona. Mwina dzina langa lidzakhalapo pansi penipeni pa pepala lawo, tizilembo ting'onoting'ono: Margareta.

Pobwerera amapita limodzi, mzere umodzi kutsika phiri, timatumba ta ufa pamutu. Mawu awo amamveka mpaka kukhwawa. Ine pakhonde ndi sikelo yanga. Palibe amacheuka, ndipo acheukirenji? Ndine anesi.

Loweruka, 1 Julaye

Mlendo woyamba pakhomo langa. Rebeka, akuchokera kuchigayo. Kulowa wakana, wakhala pamwala. Wamasula kansalu, mtedza wokazinga wodzaza manja awiri. Watola umodzi, wadya, kenako n'kundipatsa wotsalawo.

Sitinalankhule zambiri. Wafunsa ngati ku Madisi kumadzera basi ya ku Dowa. Wati ku Chezi nthawi ino amayi ake amakhala akusenda mtedza pabwalo, wailesi ili pampando. Mwayi wandisuzumira paphewa pa amake, ine maso pa mtedza.

Ndadya wonse ndekha, nditaimirira. Wokoma. Ndinaiwala kuti chinthu chimakoma.

Lachinayi, 6 Julaye

Tchuthi, chipatala chotseka. Ndinatsikira kumudzi m'mawa kukafuna tomato. Bola ndikanakhala.

Kuseri kwa nkhokwe ya a Susana, azimayi anga aja onse. Ndowa za madzi pambali, akuchokera kudambo. Pakati mphika wadothi. Aliyense akutsanulira kachikho ka m'botolo lake mumphikamo, chachikasu, chobiriwira, zonse pamodzi. A Susana avundula ndi mthiko, atunga ndi chikho, amwa okha choyamba, apukuta pakamwa, apatsa Rebeka. Rebeka amwa, apatsa mnzake. Chikho kuzungulira. Pambuyo pake mbatata yophika, kunyemerana.

Mwezi wathunthu wa ntchito, mumphika.

Ndinakalipa, mawu anga sindinawazindikire. A Susana manyazi analibe ngakhale pang'ono. Akuti zinayambira pa Rebeka. Anakana kumwa chinthu chimene wopereka sanalawe, pamudzi pomwe anthu akunong'ona kuti mwamuna wake anachita kudyetsedwa. A Susana analawa la Rebeka kuti aone kuti mulibe choipa. Ndiye n'kumulawitsa lawo, poti sungalawe cha mnzako chako n'kubisa. Ena atamva anabwera. "Munatiuza nokha kuti lina ndi madzi chabe. Ndiye ine ndichire, mwana uyu azimwa madzi? Tinasakaniza kuti aliyense apezeko."

Ndinati mwaononga zonse. Anati, "Taononga chiyani, onse si awa akudya?" Yankho ndinali nalo, koma la m'Chingelezi, la m'kalasi. Ndabwerako wopanda tomato.

Rebeka nthawi yonseyo chikho m'manja, akundiyang'ana ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Loweruka, 8 Julaye

Adokotala abwera. Ndawauza zonse ndisanawapatse mpando. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Akuti tikapanda kudziwa amene wamwa chiyani, sitidzadziwa ngati mtonthola umagwira ntchito. Ndipo ngati umagwiradi, anthu a dziko lonse amene akanathandizidwa ndi muzu womera waulere m'miyala ataya mwayi chifukwa cha mphika umodzi. Akunena zoona. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Otithandiza akunja alola kuti tiyambirenso, kamodzi kokha. Zikabwerezeka, atseka.

Nzeru ndapereka ndine. Zokumana Lachinayi zithe, aliyense azibwera tsiku lake, payekha. Wopezeka akusakaniza kapena kulawitsa mnzake achotsedwe, sopo ndi likuni zithere pomwepo. Adokotala anati ndili ndi mutu. Mawu abwino oyamba kumva chaka chino, ndinawameza ngati wanjala.

Asiya mabotolo atsopano ndi nyuzipepala zakale. Zachuluka masiku ano, iliyonse kutukwana inzake. Zithandiza kutseka zenera.

Lachinayi, 13 Julaye

Ndawauza azimayi aja. Pomva za likuni onse anagwetsa nkhope. Phala limenelo amadya ndi ana awo, ndinadziwa pomenya. A Susana okha ndiwo analankhula: "Tinkayesa zoopsezana zinatha ndi makadi a chipani." Palibe anaseka.

Rebeka ndamupatsa Lachitatu.

Atsika phiri mwakachetechete, motalikirana, ngati sadziwana.

Lachitatu, 19 Julaye

Rebeka yekha pakhonde, mphepo ikumuomba. Botolo latsika pang'ono chabe. Tsitsi losapesa. Ndalankhula, ndalankhula: za mbewa, za dziko lonse, za Mwayi amene akufuna bere. Mawu ngati a pawailesi. Iye maso pa sikelo.

Ndamufunsa ngati a Susana amamuyendera. Akuti wawaletsa yekha. Wina angawaone pakhomo pake n'kudzandiuza, ana a eni n'kutaya phala chifukwa cha iye.

Botolo latsopano walandira ndi manja awiri, mwaulemu. Sanafunse ngati ndalawa. Chimenechi chandiopsa kuposa sikelo.

Masana kopanda wodwala. Ndakhala pakhonde kuonerera mbuzi za eni.

Lachisanu, 28 Julaye

Kudambo akandiona nkhani imatha. Moni amapereka, wathunthu, ndi maondo omwe. Ulemu wotere umapweteka kuposa kutukwanidwa.

Ntchito yanga tsopano yaudongo. Aliyense tsiku lake, botolo lake, adokotala asangalala. Ena akupitirira bwino, ena abwerera m'mbuyo, mwina ndiye kuti kusiyana kwa mabotolo kwayamba kuoneka. Dzana Rebeka watsikanso. Ndalemba nambala, ndatseka buku. Ndinaphunzira bwino.

Uthenga wa amayi kudzera kwa wamatola: Lachinayi likudzali chaka chikwana chimwalirireni mwana wanga, apereka Misa, ndipite. Ndayankha kuti ntchito. A Vinsenti kaya akukumbukira tsikulo.

Sindikugona. Chakudya sichikukoma. Funso lachitatu ndi lachinayi sindidzifunsa.

Lachitatu, 2 Ogasiti

Rebeka sanabwere. Ndadikira mpaka dzuwa pamutu.

M'malo mwake a Susana, opanda botolo, opanda moni. Akana mpando, akhala pansi pakhomo la chipatala. Akuti Rebeka wabweza khasu ndi lichero zimene anabwereka. Nkhuku zake wapatsa mwana wa mlamu wake. Dzulo anapita kwa iwo ndi Mwayi n'kufunsa ngati mwanayo angazolowere phala lokha popanda bere. Pakhomo pake utsi sukutuluka chiyambire Lamulungu.

Ndine namwino. Munthu akamagawa zake akadali moyo, ndikudziwa ulendo wake.

Ndati ndimutumiza kuchipatala chachikulu kuboma. A Susana akuti pa galimoto iti, ndipo kumeneko akamupatsa chiyani, panado? Iwo ayesa kumupatsa phala, wakana, wati asadzilanditse likuni chifukwa cha iye. "Amene anatseka ndinu, anesi. Kutsegula n'kwanu."

Ndatchula lamulo. Ndatchula adokotala, dziko lonse. A Susana anadzuka, kukutumula chitenje. Ali pamasitepe anatembenuka. "Mkazi wobweza manja akapatsidwa khanda, ngati si mfiti ndiye kuti anaika lake. Ife tinaona kale kuti inu si mfiti."

Ndatseka chitseko, ndakhala pansi kuseri kwake mpaka mthunzi kufika pakhoma.

Ndikalola mphika uja, atseka, ndipo za mtonthola sitidzadziwa. Ndikapanda kulola, Rebeka Lachitatu linalo salifika. Ndowa ya kukoleji ija ikungondibwerera. Mbewa ikuleka kusambira, wina waima pambali ndi wotchi. Wa wotchiyo ndine.

Ndatuma alonda akauze a Susana agone kwa Rebeka lero, asamusiye yekha, likuni palibe awalande.

Lachinayi, 3 Ogasiti

M'mawa nkhungu, njira yosaoneka. Ndinanyamula mabotolo awiri, lachikasu ndi lobiriwira. Ndinadzera kudambo, ndinawapeza azimayi aja akutunga. Ndinati abwere onse kwa Rebeka, ndipo wina atenge mphika uja. Anayang'anana. Anatula ndowa.

Rebeka pamphasa, nkhope kukhoma. M'nyumba fungo la phulusa lozizira. A Susana pakona ndi Mwayi, maso ofiira, sanagone. Enawo anadzaza khonde. Ndinatsanula ndekha mabotolo onse awiri. Ndinavundula ndekha. Ndinatunga, ndinagwada, ndinamugwira Rebeka paphewa. Fupa lokhalokha.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana chikho, kenako ine. Mawu ngati ochokera pansi pa chitsime: "Mwalawa?"

Ndinamwa. Osati kansonga ka lilime, ndinameza. Kumafikadi kumchombo, sananame. Nkhope yanga iyenera kuti inakwinyika moipa, chifukwa pakhonde wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

Rebeka analandira ndi manja awiri. Anamwa. Chikho chinatuluka panja, chinazungulira. A Susana anakoleza moto. Phala nalo ndinayamba ndine, iye masipuni ochepa, koma anameza. Sikuti wachira. Ndamuuza kuti mawa ndibweranso, ndi mkujanso, wagwedeza mutu. A Susana akhala naye mpaka abale ake a ku Chezi afike, uthenga ndatumiza ndi wamatola.

Loweruka ndiwauza adokotala ndekha. Atseka. A Agustino majombo aiwale. Kaya mtonthola ndi mankhwala, kaya ndi muzu chabe, ine sindidzadziwa, ndipo zikundipweteka, chifukwa mwina unali woona.

Pofuna kugawa phala kwa enawo, a Susana anandiika Mwayi pamiyendo osafunsa. Manja ndinalibe kowabwezera, kumbuyo kunali khoma. Wolemera, wofunda, mutu wonunkhira utsi. Anagwira wotchi ya pachifuwa changa n'kuiika m'kamwa.

Rebeka ankationa. Kenako, chapansipansi: "Wanu anali ndani dzina?"

Chaka chathunthu palibe wandifunsa. Ku Madisi onse amalidziwa, ndiye amalilambalala. M'kamwa mukadali kuwawa kwa muzu, linatuluka movutikira.

Pemphero.

Anali Pemphero. Zaka ziwiri ndi theka. Malungo. Ankakonda mbatata yootcha, ankadya ndi khungu lomwe. Sankanditcha amayi, ankati anesi, poti ndi mmene ankamvera anthu onse akundiitana pakhomo. Ndinawauza zimenezi, ndipo anaseka, Rebeka yemwe, inenso ndinaseka nawo, kenako ndinalira.